Munda Wanga Uli Pansi pa Madzi

Kwathu ku Mwambo aliyense amadziwa kuti viza anandikaniza chifukwa azungu ndi ouma mtima. Ndi zomwe ndinawauza, ndipo palibe anafunsanso zambiri. Koma pali china chomwe sindinauzepo munthu. Tsiku lomwe ndinkakwera minibasi pa Kachulu kupita kukapempha vizayo, mumtima ndinali nditatsazika kale. Ndikanakwera ndege ija, sindikanabwerera.

Zinayamba ndi kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pathu. Ine kulankhula pagulu sinditha, m'kalasi ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, koma ndinalemba nkhani ya momwe nyanja ya Chilwa inakwerera chaka cha namondwe chija n'kumeza minda. A Agnesi, mayi wa ku bungwe lomwe linkathandiza kalabuyo, anaiwerenga. Nditangomaliza mayeso a Fomu 4 anabwera kwathu pa njinga yamoto kudzanena kuti ndasankhidwa kukalankhula ku msonkhano wa achinyamata ku Ulaya.

Amayi anangofunsa kuti, "Akagona kwa ndani kumeneko?"

Pasipoti inatuluka, bungwe linathandiza. Chovuta chinali viza. A Agnesi anandikhazika pakhonde n'kundifotokozera.

"Tamanda, anthu aja saopa kuti upita. Amaopa kuti sudzabwerako. Uyenera kuwaonetsa chomwe chidzakukoke kubwerera kuno. Ntchito ulibe, sukulu wamaliza, banja ulibe..."

"Banja si vuto, madamu!" anatero atsibweni anga a Saulos, mlongo wawo wa amayi, akusoka ukonde chapafupi. "Mawa lomweli tim'pezera mwamuna pa Kachulu. Alipo ambiri, onunkha matemba okhaokha."

Amayi sanaseke. "Mwanayu ali ndi munda. Kuno munda ndi wa mwana wamkazi. Unali wa mayi anga, ndi wanga, ndi wakenso."

"Munda uti, achemwali? Uja ndimatcheramo milamba?"

"Womwewo. Munda suthawa."

M'mawa mwake atsibweni anatipalasa pabwato, ine, amayi ndi a Agnesi. Titafika pamene amayi anati ndi pomwepo, anamanga chitenje n'kutsikira m'madzi ofika m'chiuno. Anafufuza pansi ndi phazi, uku ndi uku, mpaka anaponda chitsa cha mtengo wa m'malire. Ndiye anaima pomwepo, manja ali tambasu, akumwetulira ngati pa ukwati, ndipo a Agnesi anawajambula pafoni.

"Ukawaonetse," anandiuza amayi akukweranso m'bwato, madzi akuchucha. "Ukawauze kuti akaphwa madziwa tidzalima mpunga, ine ndi iwe."

Ndinavomera ndi mutu. Koma ndinkayang'ana madzi aja, ali mbuu mpaka ku Chisi. Ndili wamng'ono nyanja yomweyi inauma, anthu n'kumayenda pansi kupita kuchilumbako, ife n'kumagona ndi njala. Tsopano yadzaza, njala ndi yomweyo. M'bwato momwemo ndi momwe ndinaganiza kuti ndikakafika ku Ulayako ndikatsuka mbale, ndikasesa, chilichonse, bola ndisadzakalambire pamwamba pa chitsa chija.

Chithunzicho tinachitsukitsa ku Zomba. M'basi yopita ku Lilongwe a Agnesi ankandifunsa mafunso m'Chingerezi, ine n'kumayankha, mpaka ndinaloweza zonse ngati vesi la Sande sukulu.

Ku ofesi ya kazembe ndinalowa ndekha. Kuseri kwa galasi kunali mayi wa magalasi m'maso, ndipo sanali wankhanza ayi, zimenezo ndinachita kupeka. Anafunsa dzina la msonkhano, ndinayankha. Anafunsa wondilipirira ulendo, ndinayankha. Kenako anasiya kulemba, n'kundiyang'ana.

"Msonkhano ukatha, n'chiyani chidzakubweze kwanu?"

Chithunzi chinali m'manja mwanga. Kunangotsala kuchilowetsa pansi pa galasipo. Ndinachiyang'ana: amayi, manja tambasu, madzi kutsogolo, madzi kumbuyo. Mayi uja anabwerezanso funsolo pang'onopang'ono, poganiza kuti Chingerezi chandiphonya. Sichinandiphonye. Bodza lija ndi lomwe linakana kutuluka. Ndinabweza chithunzi m'chikwama.

Patapita masiku a Agnesi anabweretsa pasipoti yopanda viza. M'malo mwanga munapita mnyamata wina wa ku Blantyre, ndipo akuti anawerenga nkhani yanga bwino kwambiri, anthu n'kuomba m'manja.

Mayeso ndinakhoza, koma osati mokwanira kupita patsogolo. Masiku ano ndimathandiza amayi kuyanika matemba a eni ake pa Kachulu. Chithunzi chija amayi anachipachika pakhoma pafupi ndi kalendala ya kumpingo, ndipo mlendo aliyense amamuonetsa. "Taonani, ngakhale munda wonsewu anaukana. Anthu aja alibe chisoni." Ine ndimangotuluka panja ngati ndaiwala kanthu.

Dzulo tinali pathandala, dzuwa lili pamutu, tikutembenuza matemba ndi kuingitsa ntchentche. Amayi anali osangalala kuyambira m'mawa.

"Atsibweni ako akuti chitsa chija chayamba kuoneka," anatero. "A Agnesi akuti chaka chamawa kuli msonkhano wina. Tikajambulenso. Ulendo uno uimepo ndiwe, aone kuti mwini wake ndi ndani."

Ndinangopitiriza kutembenuza nsomba zomwe ndinali nditatembenuza kale.

"Wamva, Tamanda?"

"Amayi, chithunzi chija sindinawaonetse."

Manja awo anaima pathandala. Sanatembenuke.

"Unaiwala?"

Anandipatsa okha njira yothawira. Ndikanangoti eya, tikanapitiriza ntchito. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Sindinaiwale. Anandifunsa chomwe chidzandibweze kuno, ndipo ndinasowa choyankha. Amayi, ine sindinkafuna kubwerera."