Kutsimphina kwa Hannah

Davie anali munthu woyenda. Anaphunzitsapo anyamata kuthamanga ku Joni, anagona m'makampu a othamanga ku Kenya, ndipo atabwerera kwawo ku Namitambo ankauza aliyense pa sitolo kuti iye thupi la munthu amaliwerenga ngati nyuzipepala. "Ungoyenda kuchoka apa kukafika pa mtengo wa mango uwo, ndikuuza bondo limene lidzayambe kulira," ankatero akudziguguda pachifuwa.

Pa bwalo la sukulu pomwe ankaphunzitsa masewera, waliwiro kuposa atsikana onse anali Tracy, mwana wa mlongo wake. Koma bondo lamanzere la mtsikanayo linkatupa akathamanga, ndipo mpikisano wa kuboma unali pafupi. Davie anamujambula pa foni, n'kuchedwetsa kanemayo kuti aone momwe phazi lililonse likuterera pansi. Ataona, anabwereza kanemayo. Chiuno chinkagwera kumanzere, phazi likuloza kunja, dzanja lamanja likupalasa mphepo. Pa foni paja ankathamanga Hannah, mlongo wake uja, mayi a Tracy, amene anamuika m'manda dzinja lapitalo.

Hannah anagwa pa njinga ya kabaza ali namwali, fupa la m'chiuno n'kulumikizana mokhota. Koma Tracy miyendo yake inalibe vuto. Davie anaiyeza ndi chingwe, inali yofanana ndendende. Kungoti mwanayo anaphunzira kuyenda ali pambuyo pa amayi ake, kuchitsime, kuchigayo, kutchalitchi, mpaka thupi lake linaloweza kutsimphina kwa mwini.

M'mawa mwake Davie anathira mzere wa phulusa pabwalo.

"Ponda pamzere! Chala chachikulu chiloze kuphiri! Chiuno m'mwamba, iwe, sukusenza mtolo wa nkhuni!"

"Amalume, ndikumva ngati miyendoyi ndabwereka," anatero Tracy akuseka.

"Bwereka yomweyo. Yakoyo ikudyera bondo."

Kumapeto kwa bwalo kunali Rafaeli, bambo ake a Tracy, atatsamira njinga yawo. Anaonerera masiku angapo, kenaka anamuitana Davie pambali.

"Alamu, mwanayu mukumutani?"

"Ndikumuwongola, alamu. Akapitiriza chonchi, bondo ili litha asanamalize n'komwe sukulu. Ine ku Kenya ndinawongola anthu okhota ngati chikwakwa!"

"Ku Kenya kwanuko kunalibe Hannah." Rafaeli anayang'ana pansi. "Ine madzulo ndimakhala pakhonde. Mwanayu akamatulukira pa nthochi paja, dzuwa lili kumbuyo kwake, ndimaona mkazi wanga akubwera kunyumba. Ndiye mukufuna timuike kachiwiri?"

Davie anagwira foni yake m'thumba. Iyenso kanema uja ankamuonera mobisa, mobwerezabwereza, osati chifukwa cha bondo ayi. Koma anali malume, mbumba inali yake, ndipo bondo lotupalo analigwira ndi manja ake, likutentha ngati mbatata yootcha. Anabwerera pamzere wa phulusa n'kuimba wezulo.

Pang'onopang'ono Hannah anayamba kuchoka. Linayamba ndi dzanja, linasiya kupalasa. Kenaka chiuno chinakhazikika. Phazi ndilo linakanirira, koma nalo linagonja. Bondo linaphwa. Davie akajambula tsopano ankangoona mtsikana wothamanga bwino, wofanana ndi wina aliyense, ndipo Rafaeli anasiya kubwera kubwalo.

Kuboma Tracy anatenga nambala yachiwiri, bondo lili zii. Pobwerera Davie anadzitama m'minibasi monse mpaka kondakitala anamupempha kuti apumeko. Atatsika anayenda wapansi, Tracy patsogolo, iye pambuyo, akusirira mapazi akutera moongoka ngati a msilikali.

Atafika pa nthochi paja, Tracy anaima. Anasuzumira kunyumba. Bambo ake anali pakhonde, mutu uli pansi. Mtsikanayo anapuma mozama, anagwetsera chiuno kumanzere, analozetsa phazi kunja, dzanja lamanja n'kuyamba kupalasa mphepo.

Davie nayenso anaima. Kutsogolo kwake, m'kuwala kofiira kwa dzuwa lolowa, mlongo wake ankapita kwawo.

Rafaeli anadzutsa mutu, n'kuimirira pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja.

Wezulo anali kale pamilomo ya Davie, poti dzanja linazolowera. Kuchoka pa nthochi kukafika pakhonde ndi pafupi, anadziuza, bondo silingatupe ndi pamenepa. Anamulavula wezuloyo, nayenda pambuyo pa Hannah mwakachetechete, kuopa kumudzidzimutsa.