Nyama za Jhunu Zopanda Maso

M'nyumba ya a Kulamani Maharana, ku Raghurajpur, chilichonse chokhala ndi maso chinkawalandira kwa a Kulamani. Mwana wawo Niranjan ankajambula manja a milungu, mikanda ndi maluwa a m'mphepete mwa nsalu. Akazi awo a Sebati ankaphika phala la nthanga za bwemba, kulimata pansalu pamodzi ndi choko, n'kupera utoto mpaka mapewa kuwawa. Koma chithunzi chikatsala maso okha, aliyense ankaika burashi pansi. Mkuluyo ankakasamba, osalawa kanthu, n'kuviika kaburashi kake ka ubweya wa mbewa mu utoto wa mwaye wa nyali. Akadontheza maso ankaima njo kutsogolo kwa chithunzicho, chifukwa chinthu chikangopenya chimayenera kuyamba kuona mmisiri wake. Ndipo m'nyumbamo mmisiri anali mmodzi yekha, kaya ena akhetsa thukuta lotani.

Ndiye Niranjan anakatenga mkazi ku Sakhigopal, kwa anthu a kokonati. Mkaziyo, Jhunu, analowa m'banjamo ndi thumba la ulusi wa makoko a kokonati ndi zala zosadziwa kukhala chete. Akangokhala pansi zala zayamba kupota, kukulunga, kumanga. Ukatembenuka, wapeza kavalo. Chimene mtima wake unkafuna chinali chimodzi. Pa chikondwerero cha m'mudzi, pamene nyumba iliyonse imayala ntchito zake pakhonde kuti anthu a ku Puri ndi kwina adzaone, nyama zake nazo zidzakhale pakhonde la banjali, osati kuseri kumene amayanika ndowe.

Mtengwa salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, choncho anatuma a Sebati. Yankho linamveka mpaka kukhitchini.

"Amake Niranjan, mumuuze wa ku Sakhigopal uja kuti ulusi umenewo kuno timakwechera miphika. Pakhonde panga pamakhala milungu, osati zokwechera!"

Jhunu analira pang'ono, poti naye ndi munthu. Kenako anapukuta misozi ndi nsonga ya sari yake, nsalu yaitali imene akazi a kumeneko amavala, n'kupanga njovu. Inali njovu yonenepa, yofika m'mawondo, chitamba chopindikira m'mwamba. Pamalo pa maso anamatapo timabwalo tiwiri ta phala la bwemba ndi choko, toyera mbee, n'kutisiya choncho, chifukwa kuika maso m'nyumba ya eni sakanayerekeza. Anaikhazika panjira yopita kuchitsime kuti iume.

A Kulamani anakumana nayo akupita kukatsuka m'kamwa. Anafuula ngati aponda khala lamoto, n'kusolola kathawulo kawo kofiira ka paphewa, kuiphimba nako kumutu, n'kudutsa akunong'ona mapemphero.

"Amayi, bambo atani?" Jhunu anafunsa apongozi ake aakazi.

"Nkhope yopanda maso saisiya poyera m'nyumba ya wojambula," a Sebati anatero akutafuna tsamba lawo lonunkhira la paani. "Mwini burashi amaiphimba ndi nsalu yake. Ndiye kuti waiuza kuti dikira, ndikubwera. Ndipo nsaluyo sangaichotse asanaipatse maso."

"Bwanji osangoitaya kudzala?"

"Chinthu cha nkhope? Iwe mwana! Bambo ako aja angakomoke."

"Nanga nsalu ya wina singagwire ntchito?"

"Yanga ayi. Ya mwamuna wako ayi. Yawo basi."

Mawu otsirizawa a Sebati anawanena pang'onopang'ono, maso ali kudenga. Akazi awiriwo atayang'anana anaphulika chiseko, ndipo anaseka mpaka mphodza zinapserera pamoto.

Kuyambira tsiku limenelo zala za Jhunu zinapenga. Kamba analandira mpango wa a Kulamani. Pusi anatenga malaya awo amkati. Mkuluyo atapeza nzeru yophimba mbawala zingapo ndi nsalu imodzi, Jhunu anayamba kumwaza nyama zake: ina pawindo, ina pamwamba pa thumba la mpunga, ina kuseri kwa chitseko ikudikira. Kulikonse kumene a Kulamani ankatembenukira ankakumana ndi timabwalo toyera tija. Kenako anapanga kadyamsonga. Nyamayi anali asanaionepo chibadwire, koma anamva kuti khosi lake ndi lalitali, ndipo iye sanachite nalo ulesi. Mutu unakagunda denga, moti nsalu yokha yotheka kuiponya kumeneko inali dhoti ya mzere wagolide, imene mkuluyo ankavala m'chiuno pa zikondwerero zokha.

"Jhunu, utiphetsa iwe," Niranjan anamunong'oneza akupera utoto wofiira. "Bambo atsala ndi chiyani m'bokosi muja?"

"Ine? Ine ndikungopota zokwechera miphika."

Niranjan analuma mkono wa malaya ake kuti chiseko chisamveke kukhonde. Anansi nawo anali atayamba kale zawo. "A Kulamani, kodi mwaganiza zokakhala kuphiri ndi opemphera aja? Tsiku lililonse nsalu zikuchepa pathupi!" Mkuluyo ankangokwinya nkhope n'kuweramira chithunzi chake.

M'mawa wa chikondwerero ng'oma zinayamba kulira kumapeto kwa msewu. A Kulamani anabwera kuchokera kudziwe kokasamba, kansalu konyowa kali m'chiuno, madzi akudontha. Analowa kuchipinda, n'kutsegula bokosi. Munali mbee, mopanda nsalu ndi imodzi yomwe. Atalitseka anaona kuti pawindo pakhala kadzidzi watsopano, timabwalo take tatikulutikulu kuposa tonse. Anayang'ana kadzidzi. Anayang'ana kansalu konyowa ka m'chiuno mwawo.

"Amake Niranjan!"

"Ndili pano," a Sebati anayankha mwaulemu wonse. "Sari yanga yobiriwira ija ingakukhaleni bwino."

Kuseri kwa chitseko Jhunu anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, koma chiseko chinatha chokha. Anaona kuti mwina wawonjeza, kuti wachititsa manyazi munthu wamkulu pa tsiku limene mudzi wonse umabwera pakhonde pake, ndipo munthu wotereyu angathe kumukweza basi ya ku Sakhigopal pamodzi ndi thumba lake la ulusi.

"Niranjan," mawu a mkuluyo anamveka motsitsa. "Utoto wakuda."

Kusamba anali atasamba kale, ndipo m'kamwa munali musanalowe kanthu. Anayamba ndi kadzidzi, akung'ung'udza. Dontho apa, dontho apa, n'kuima njo kutsogolo kwake monga mwa nthawi zonse. Kamba anawabwezera mpango. Atafika pa pusi anamunyamula, n'kumutembenuza uku ndi uku kufuna kuona pamene ulusi unathera, koma sanapaone. Anamupatsa maso oyang'ana cham'mbali ngati a munthu amene waba nthochi, ndipo anadzimva okha akuseka, n'kusandutsa msanga chisekocho kukhala chifuwa. Kwa kadyamsonga anachita kukwera pampando, Niranjan atawagwira miyendo, a Sebati akufuula kuti kansalu kakumasuka. Nyumba yonse inadzaza nyama zopenya ndi nsalu zobwerera kwa mwini wake.

Inatsala njovu yokha, ili phee pansi pa kathawulo kofiira. A Kulamani, dhoti yagolide ili kale m'chiuno, anagwada n'kuchotsa kathawuloko. Anasisita chitamba chija ndi chala. Anaviika kaburashi, koma sanadontheze.

"Amake Niranjan, ali kuti wa ku Sakhigopal uja?"

"Akumva."

"Abwere."

Jhunu anatuluka, sari itaphimba nkhope mpaka kuchibwano. Anali wokonzeka kumva chilichonse.

"Ima apa. Ayi, apa, kutsogolo kwake. Tsono chotsa nsaluyo kumaso, mwana wanga, njovu ikaona chiyani?"

Anali mawu oyamba amene apongoziwo anamulankhula osadzera mwa munthu wina. Jhunu anakweza sari pang'ono. A Kulamani anasendera pambali pa njovu, malo amene anali asanakhalepo chiyambire kugwira burashi, n'kupinda mkono movutikira kuti nkhope yawo isatsekereze. Dontho apa, dontho apa.

Njovu inapenya, ndipo inayamba kuona Jhunu.

Masiku onse aja anali akuseka, koma apa chiseko chinamukanika. Misozi ya chimwemwe inangoyenderera, ndipo sanaipukute chifukwa njovu inali ikumuyang'ana.

"Niranjan!" mkuluyo anakuwa akudzuka, kathawulo kofiira kabwerera paphewa. "Sendeza zithunzi zakozo, njovu ikufuna malo pakhonde. Ndipo wina amuuze mmisiriyu kuti akafuna maso azingonena. Nsalu zanga azisiye."