Zigubu Zimene Selinah Sanawerenge

M'maganizo mwake, Selinah ankayenda pagombe lija, mapazi akumira mumchenga woyera, pamene Madamu anamugwira paphewa n'kumubweza m'khitchini ya ku Discovery Gardens, mu Dubai.

"Taona mzerewu mmene watsikira," anatero Madamu akuloza pa laputopu. "Zinyalala zikuluzikulu zachepa ndi theka. Anthu atsekeredwa m'nyumba, nyanja yapuma. Lipoti lipita Lachinayi, ndipo ndege zikayamba kuuluka, inshallah, tipitira limodzi."

Madamu anali katswiri wa zam'nyanja. Chaka chilichonse ankapita pa kachisumbu kena kakutali, kopanda midzi, kukawerenga zinyalala zimene mafunde amalavulira kumtunda. Korona atatseka njira, mlonda wa pachisumbupo ankangotumiza zithunzi. Selinah anabwera ku Dubai kudzalera mwana, koma mwanayo akagona masana, iye ankapatsidwa zithunzizo kuti aziwerenga. Anazolowera gombelo mpaka ankadziwa mtengo wa kokonati wopendekera, ndi mwala umene mbalame zoyera zinkaterapo ngati azimayi a mvano.

Ankadziwanso chifukwa chake mzere unatsika.

Pepala linkati awerenge zinyalala, iye n'kumawerengadi zinyalala: mamasiki, zivindikiro, maukonde ong'ambika. Koma chigubu chachikasu cha malita makumi awiri, chopanda bowo, n'chinyalala? Beseni labwinobwino? Patapata wongofuna kawaya? Kwawo ku Mponela zimenezo ndi katundu. Ankazidumpha, n'kumazigawa mumtima: ichi cha amayi, ili la azakhali. Tsiku limene anazindikira kuti Madamu amawerenga zonse, miyezi inali itapita kale.

Anatuluka pakhonde n'kuimbira Edinah, mnzake wosoka zovala ku Satwa, mu Dubai momwemo.

"Ndiye wakhala ukusankha kaunjika pakati pa nyanja?" Edinah anaseka mpaka kutsokomola. "Unditengereko ndowa, mwali."

"Usaseke, iwe. Lipoti likupita Lachinayi."

"Lipite. Akakuone ndani, nkhanu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zaka zitatu mu Dubai muno, nyanja umangoionera pawindo la galimoto."

"Nanga tikakafika n'kupeza zigubuzo zili mbwee?"

"Udzati zabwera dzulo. Khalas, nkhani yatha."

Selinah anadula foni. Fumbi lachikasu linali litaphimba nyumba zonse, ndipo zinkaoneka ngati zikuyandama. Anaona gombe lija litalembedwa m'mabuku kuti ndi loyera, anthu a masuti akuwombera m'manja, uku zigubu zake zikukwera kumtunda usana ndi usiku, popanda wozitchula.

Anapeza Madamu akumwa tiyi.

"Madamu, nyanja sinapume. Ndine amene sindinkawerenga zinthu zabwino."

"Zabwino?"

Anatsegula chithunzi chimodzi n'kuyamba kuloza. Madamu anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, n'kuwavalanso.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi."

"Unazindikira liti?"

"Mwezi wa Ogasiti."

Madamu anayang'ana kalendala ya pafiriji. Inali pa Novembala.

"Cholakwa choyambacho ndi changa, sindinakufotokozere," anatero motsitsa. "Koma kuchisumbu ndimapita ndi munthu amene akaona chinthu amanena tsiku lomwelo. Nditenga wophunzira wa ku yunivesite." Anamukankhira laputopu. "Yalla, tiye, yambiranso. Zonse."

Zinamutengera masiku asanu ndi anayi, lipoti likudikira. Chinthu chilichonse chimene ankadinapo chinkasanduka kadontho kofiira, mpaka gombe lonse linachita ngati ladwala chikuku.

Tsiku lomaliza Edinah anatumiza uthenga: "Unanena?"

Selinah anangolemba kuti, "Zigubu 312."

Kenako foni inanjenjemera.

"Mponela yense akanatunga, mwali."