Mkono wa Maybin

A Simeoni anali atavula kale chipewa kuti atseke msonkhano ndi pemphero pamene ine ndinaimirira n'kunena kuti nkhaniyo sinathe.

Tinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi ku Zemba, ife a komiti ya m'mudzi yoteteza ana. A Simeoni ndiwo anali apampando, munthu wofatsa, wodana ndi phokoso. Pa benchi panakhala a Bonaventure, mwini ng'ombe zambiri kuposa wina aliyense m'dera lathu. Pansi panakhala mlamu wanga Imelda, mkazi wa malemu achimwene, ndipo pambali pake panali mwana wake Maybin, wa zaka khumi ndi chimodzi, mkono wamanja utamangidwa ndi timitengo ta nsungwi ndi luzi.

Kwathu kuno mnyamata amatha kuperekedwa kuti akawete ng'ombe za munthu zaka zinayi, zikatha n'kupatsidwa msoti wa ng'ombe wakewake. Maybin anali ataweta ng'ombe za a Bonaventure zaka zitatu, khomo la sukulu osalidziwa. Tsiku lina tulo tinamuba kudambo, ng'ombe n'kulowa m'munda wa thonje wa eni ake. A Bonaventure anamulanga ndi mpini wa khasu mpaka fupa linathyoka. Mwanayo anabisidwa m'nyumba akumupaka zitsamba, ndipo tinadziwa pokhapokha bala litayamba kununkha.

Komiti inali itagamula kuti a Bonaventure apepese, apereke nkhuku ndi thumba la chimanga, ndipo mwana akachira abwerere ku ng'ombe akamalize chaka chake. Onse anaomba m'manja kupatula ine.

Ndinawakumbutsa zimene a boma anatiuza pamene anabwera kudzatiphunzitsa: kuti za mwana wojomba kusukulu kapena makolo olongolola tizithetsa tokha, koma pamene patuluka magazi kapena pathyoka fupa, njira ndi ya kuchipatala, kupolisi ndi ku Sosho, ofesi ya boma yoona za ana ndi anthu ovutika. A Simeoni anayankha modekha kuti a boma amalankhula n'kukwera galimoto, pamene ife timatsala ndi a Bonaventure, omwe ng'ombe zawo zimalimira theka la mudzi, ngolo yawo n'kumanyamula odwala athu ndi mabokosi a maliro athu. Sananame. Munda wanga womwe unkalimidwa ndi ng'ombe zomwezo.

A Bonaventure sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa a Simeoni kuti zinayamba liti zoti azakhali azilamula za mwana wa mbumba ya eni ake.

"Mwanayu ali ndi amalume ake. Awa a Keziya akulankhula ngati ndani?"

"Ngati wa komiti," ndinayankha. "Munandisankha nokha pansi pa mtengo womwe uno. Ngati munkafuna munthu woombera m'manja, munalakwitsa posankha."

Koma mawu amene anandilasa sanachokere kwa amuna aja. Imelda anadzutsa mutu, maso ali gwa, nati, "Alamu, musamuphere ng'ombe mwana wanga. Zaka zitatu wanyowa ndi mvula. Mukapita ku boma atuluka chimanjamanja, ndiye inu mudzamupatsa chiyani?"

A Simeoni anapemphera, anthu nabalalika.

M'mawa mwake ndinakankha njinga kupita kwa Imelda. Ndinamupeza ataima pakhomo ngati amandidikira. Sindinamunyengerere. Ndinangomupempha kuti atulutse mwana tione zala zake kunja kowala. Zinali zitatupa, zitayamba kuda, ndipo thupi lake linkatentha ngati mbaula. Imelda anaziyang'ana nthawi yaitali. Kuvomera sanavomere, koma anapatuka pakhomopo, nandiuza kuti ng'ombe ija ikatayika ndisadzapondenso pabwalo pake ngakhale pa maliro ake.

Panjira mwanayo anatsamira msana wanga pa njinga. Titayandikira msewu womwe timadikirirapo minibasi, anandifunsa ngati msoti wake adzamupatsabe. Anali atausankha kale, wofiira wa banga pamphumi. Ndinamuuza kuti sindikudziwa, pakuti kunamiza mwana wodwala sindinafune.

Ku chipatala cha pa boma namwino atadula luzi lija anaitana mnzake, onse awiri n'kuyang'anana. Anati tikanachedwa pang'ono mkonowo ukanadulidwa. Anamugoneka kuti ayambe achiritsa bala, chikhakha chidzabwera pambuyo. Ndinapita kupolisi, kuchipinda choona za amayi ndi ana, n'kufotokoza zonse. Kuchoka apo ndinalowa ku Sosho nditakonzekera ndewu.

Ndinapezamo mayi wocheperapo kwa ine, dzina lake a Juliet, nsapato zili mbuu ndi fumbi. Sindinadikire kuti andipatse mpando. Ndinawauza kuti iwo ndi amene anatiphunzitsa kubweretsa nkhani zotere, kuti ine ndabwera nditadana ndi mudzi wonse chifukwa chomvera iwo, ndipo ngati nkhaniyi ithere mu ofesi momwemo, ndiyala chitenje pansi pawo ndizigona pomwepo.

A Juliet anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anati za anyamata oweta ng'ombe akhala akuzimva kwa nthawi, koma midzi imatseka pakamwa, ndipo nkhani ikamawafika imakhala mphekesera yopanda mwini. Anati abwera Lachisanu. Ine ndinati akabwera asakaitanire a Simeoni pambali, koma akakhale pa benchi pamaso pa komiti yonse, mayi wa mwana ali pomwepo.

"Ndimafuna zomwezo," anatero. "Ine ndikachoka, amene mudzaone ngati mwanayu akudya ndi kupita kusukulu ndinu."

Masiku otsatirawo ndinadziwa kuti mudzi ndi waung'ono. Ku mjigo amayi ankasiya nkhani ndikafika, ena n'kusuntha zidebe zawo. Kutchalitchi benchi yanga inakula, anthu atandithawa. Uthenga unafika kwa amuna anga, a Stefano, woti chaka chino ng'ombe za a Bonaventure sizidzaponda m'munda mwathu. Ndinadikira kuti andikalipire. Iwo anangoti makolo athu ankalima ng'ombe kulibe, n'kupitiriza kusenda mtedza. Usiku ndinkadzifunsa ngati sindinamulande mwana uja chinthu chokhacho chimene akanakhala nacho pa dziko, koma kukacha ndinkapita ku mjigo mutu uli chilili, chidebe changa n'kuchiika pa mzere monga mwa masiku onse.

Lachisanu a Juliet anafika pa njinga yamoto, wapolisi atakwera kumbuyo. Anthu anadzaza pansi pa mango paja kuposa tsiku la chisankho. Wapolisi anauza a Bonaventure mwaulemu kuti akufunika ku boma akayankhe za kuvulaza mwana, ndipo nkhaniyo ipita kukhoti. A Bonaventure anaseka, nayang'ana uku ndi uku kufuna woseka nawo. Sanamupeze.

A Simeoni ndiwo anawawidwa mtima. Anati ngati chigamulo cha komiti chingafufutidwe ndi mayi mmodzi wokwera minibasi, ndiye komitiyo ingotha, boma lizibwera lokha kudzalera ana a ku Zemba. Ena anang'ung'udza movomereza.

A Juliet anati, "Bambo apampando, za mkono zili ndi lamulo lake, ndipo si inu kapena ine amene tingalikhululukire. Koma pali nkhani ina imene ine sindingaithe. Mwanayu ku ng'ombe sabwereranso, akupita kusukulu. Nanga zaka zitatu zimene waweta? Ine sindinamuone akuweta. Munamuona ndinu."

Imelda anali atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. A Simeoni anatembenuza chipewa chawo m'manja kangapo, kenako, osayang'ana a Bonaventure, anati zoona, mwanayo onse anamuona, m'mvula ndi m'dzuwa, ndipo amene wadula pangano ndi amene anatola mpini. Msoti uperekedwe. Anafunsa a komiti mmodzimmodzi, ndipo ngakhale aja amene ankasuntha zidebe anati uperekedwe.

Tisanabalalike tinagwirizana kuti nkhani yolemera ikagwa, apampando eniakewo aziimba foni ku Sosho tsiku lomwelo, ndiponso kuti a Juliet azibwera kudzakhala nafe pa misonkhano ina. A Simeoni ananena kuti ku misonkhano ya ku boma azipitako a Keziya, poti njira aidziwa kale. Sindinadziwe ngati kunali kundilemekeza kapena kundinyogodola, koma ndinavomera.

Khoti linawapeza olakwa a Bonaventure. Kundende sanapite chifukwa cha ukalamba, koma anawalamula kugwira ntchito za chitukuko pa boma kwa miyezi ingapo. Maybin anatuluka m'chipatala mkono uli wake, ngakhale suwongoka bwinobwino mpaka lero. Anayamba kalasi yoyamba, giledi wanu, pakati pa tiana tomufika m'chifuwa. Msoti wofiira uja unamangidwa kuseri kwa nyumba ya Imelda. Mlamu wangayo sanandithokoze, ndipo moni wake ndi waufupi mpaka pano. Kudambo anyamata ena akuwetabe. Makolo awo akandiona amalowa m'nyumba. Koma kwa a Bonaventure palibe anaperekanso mwana.

Chimanga chathu chitafika m'mawondo, ndinali kumunda tsiku lina kukuwaza mvula, ndipo ndinamva mfuu kunjira. Anali a Bonaventure, jekete itanyowa, akuweta okha ng'ombe zawo. Ankaziitana, koma maina ankasokoneza, ndipo ng'ombezo zinkangoyenda m'mene zafunira. Ndinawapatsa moni waulemu wonse, monga ayenera munthu wamkulu. Sanayankhe. Nthawi yomweyo nkhunzi yakuda inapatuka, n'kulunjika ku chimanga changa. Iwo anaima n'kundiyang'ana, akudikira kuti ndiithamangire.

Ndinaima pa malire a munda, ndinapinda manja, n'kuwaonerera akuvula nsapato kuti athamange m'matope.