Kope la m'Jekete la a Raymond

Malita anali kukutumula jekete la malemu bambo ake pamene kope linagwa kuchoka m'thumba la m'kati. Linali tsiku lachitatu chiwaikireni m'manda. Olira maliro anali atabalalika, pabwalo pangotsala mafuwa ndi phulusa.

Kopelo linatseguka pakati. Malita sukulu anailekeza mu Sitandade 4, chaka chomwe mayi awo anamwalira, kuti alere mng'ono wake Zione. Komabe dzina la Zione analidziwa, ndipo ndi lomwe linali pamenepo, lolembedwa ndi bolopeni yofiira. Pambali pake panali deti ndi mawu amodzi achingerezi: present. Anatsegula tsamba lina, chimodzimodzi. Lina, chimodzimodzinso. Dzina la iye mwini sanalione.

Pulezenti ankaidziwa. Ndi zija amakulunga m'pepala lonyezimira pa ukwati.

Anakhala pa bedi. Zaka zitatu bambo akewo, a Raymond Njolomole, mphunzitsi wopuma ntchito, ali chigonere atafa ziwalo mbali imodzi, ndi iye ankawasambitsa. Ndi iye ankapita ndi mbatatesi kumsika wa ku Lizulu, nabwerera mothamanga kudzawatembenuza. Zione ankatulukira kamodzikamodzi kuchoka ku ofesi yake ku Lilongwe, ndi botolo la juwisi, nkhalamba n'kumasekerera mpaka mano onse pamtunda. Kani ankamupatsanso zinthu mseri!

Anatuluka. Pansi pa mtengo wa mapeyala panakhala Zione ndi a Gibson, mng'ono wa malemuwo, akudikira kuti ayambe kukambirana za dimba la kudambo.

"Tisanayambe, Zione atiuze kaye zimene analandira kale," anatero Malita, naponya kopelo pa mphasa.

"Zotani, achemwali?"

"Usandiyese chitsiru. Sindinaphunzire, koma maso ndili nawo. Mapulezenti onsewa anali chiyani? Kapena ndi dimba lomwe anakupatsa kale, ife tikungotaya nthawi pano?"

Zione anatola kopelo, naliyang'ana. "Ababa sanandipatsepo kanthu ine. Olo sopo."

"Nanga alembawo ndi ndani? Ine?"

A Gibson anavala magalasi, natambasula dzanja. Anawerenga masamba angapo.

"Malita mwanawe, khala pansi," anatero. "Mawu awa ali ndi nkhope zingapo. Inde, mphatso ndi pulezenti. Koma kumbukira uli kusukulu, aphunzitsi akaitana dzina lako m'mawa, unkayankha kuti chiyani?"

Malita anakhala pansi. Kenaka mawuwo anatuluka okha, motsitsa. "Pulezenti sala."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Kuti ndilipo."

"Basi. Achimwene anaitana mayina zaka makumi atatu, matenda sakanawaleketsa. Iyi ndi rejisitala. Zione akabwera, ankalemba kuti wapezeka. Taona apa." Analoza mzere wautali wa mawu ena. "Awa akuti absent, kutanthauza kuti wajomba. Disembala yense, wajomba. Isitala, wajomba."

Zione anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

Malita anayembekeza kuti mtima utsika, koma sunatsike. Unangosintha popwetekera. Mphatso akanaipirira. Koma munthu wa dzanja limodzi lamoyo kumalimbana ndi bolopeni tsiku ndi tsiku, kuwerengera mwana amene kulibe!

"Ndiye kuti ankamudikira," anatero. "Ine ndikuwapukuta malovu, iwo maso ali kumsewu. Wojombayu ali m'kope tsamba lililonse. Ine amene ndinalipo, mvula ndi dzuwa, mulibe olo kamodzi. Ndinali chiyani ine pakhomo pano? Mtondo?"

"Achemwali, dimbalo tengani," anatero Zione akusisima. "Ine sindilifuna."

"Usandipatse ngati ukupatsa wopempha! Dimbalo ndalima ndi msana wangawu."

Nkhuku inadutsa pa mphasa, osaithamangitsa. A Gibson ananyambita chala, nayamba kubwerera m'mbuyo tsamba ndi tsamba mpaka anafika poyambirira penipeni. Anayang'anitsitsa, navula magalasi, nawapukuta ndi malaya.

"Bwera kuno," anatero.

"Ndamva zokwanira, ababa aang'ono."

"Ndati bwera."

Malita anagwada pambali pawo monyinyirika. Tsamba loyambalo linali ndi mizere iwiri yokha, zilembo zake zokhotakhota, za munthu wongoyamba kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere. A Gibson anawerenga mzere woyamba, nawumasulira: dzina la sukulu, Pakhomo. Wachiwiri sanawuwerenge. Anangoika chala pansi pake.

Malita analiona dzina lake, lonse lathunthu, la Njolomole lomwe.

"Mawu ali kutsogolo kwakewo akuti chiyani?" anafunsa.

"Akuti mphunzitsi wa kalasi. Rejisitala ndi ya ana, mwanawe. Mphunzitsi saitanidwa dzina."

Malita analandira kopelo. Sanalire, ndipo kwa Zione sanayang'aneko. Anawerenga dzinalo yekha, chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda. Pansi pake bambo ake anadulapo mzere ndi rula, kawiri, monga ankachitira ndi mutu wa phunziro.