Lilime la Apongozi Anga

Apongozi anga, bambo Fanizo, anabwera kudzakhala nafe ku Chegutu chaka chimene famu yomwe ankagwirako ntchito inalandidwa. Sipanapite nthawi, sitiroko inawagwetsa n'kuwalanda mawu. Mwana wawo Cephas, mwamuna wangayo, anali ku Joni kusaka maganyu, ndiye mtolo wonse unagwera ine Dyness.

Kuchipatala cha ku Kadoma kunali mayi mmodzi yekha wophunzitsa odwala kulankhulanso, dzina lake Norma, ndipo omudikira anali mbwee. Makombi, maminibasi akumeneko, nawo ankasowa ngati shuga, poti mafuta kunalibe. Tikafika movutikira choncho, Norma ankandikhazika maso ndi maso ndi apongozi, mawondo kugundana.

"Muziyang'ana pakamwa pawo kuti muzikawaphunzitsa kunyumba," ankatero m'Chishona. Kenako n'kutembenukira kwa apongozi: "Sekuru, tulutsani lilime."

Lilime! Pamaso pa mkazi wa mwana wawo! Madalawo ankangotembenukira kukhoma, pakamwa atatseka. Ine maso pansi, thukuta kamukamu, manyazi osaneneka.

Tsiku lina Norma anausa moyo. "Zikuoneka kuti sakumva zimene tikunena. Lero akapanda kutulutsa mawu, malo awo ndipatsa wina."

Apa ndiye ndinapsa mtima. Munthu walandidwa nyumba, walandidwa ntchito, amulandenso mwayi wolankhula chifukwa choti ndi waulemu?

"Akumva bwinobwino!" ndinatero. "Vuto ndi kakhalidwe mwatikhazikaka. Chikwatiwire changa sindinayandikanepo nawo chonchi. Kwathu mkazi sasuzumira m'kamwa mwa apongozi ake."

Ndinkati andikalipira, koma Norma anagwira kumutu. "Maiwe! Ngakhale kwathu ku Mubaira muroora, mkazi wa mwana wawo, sachita zimenezi. Ndawachititsa manyazi. Nanga kunyumba mumalankhulana bwanji?"

"Ndinkagwada pakhomo n'kuodira. Chidwalire chawo ndimangolowa ndi mbale ya sadza, poti sayankha."

"M'Chishona?"

"M'Chichewa. Chishona anachidziwira kufamu, ali kale ndi ndevu."

"Tulukani, mukaodire monga kale."

Ndinatuluka n'kutseka chitseko. Pakhonde, anthu apamzere akundiyang'ana ngati ndapenga, ndinagwada n'kuomba m'manja.

"Odi, bambo!"

Kunali zii. Ndinaombanso, mwamphamvu.

"Odi kuno, bambo!"

Kenako kuseri kwa chitseko kunamveka mawu osasa, olemera, otuluka mokoka:

"Lo... lowani, mayi."

Abale, ndinaiwala kuti ndili kuchipatala. Ndinaimba nthungululu mpaka mlonda anabwera akuthamanga, ndipo amayi apamzere, osadziwa n'komwe nkhani yake, anandithandiza kululutira.

Norma anasuzumira pachitseko, misozi ikulengeza m'maso. "Malo awo palibe wowalanda. Kuyambira lero inu muzikhala kuseri kwa katani, ndipo tiziyamba ndi Chichewa, mundiphunzitse. Lowanitu, akuitanani."

Koma ine sindinalowe. Ndinamupempha atsekenso chitsekocho, ndipo ndinaodiranso dala, kuti ndiwamvenso akuyankha.