Mabokosi Anayi a Lolemba

Ana ankawatcha a Mabokosi, ndipo dzinalo silinali lowanamizira. Zaka makumi atatu akuphunzitsa kulemba nkhani zopeka, lamulo lawo linali limodzi: usanalembe, jambula mabokosi anayi. Loyamba munthu wako, lachiwiri chimene akufuna, lachitatu chomutchinga, lachinayi mathero. Wolumpha bokosi, kope lake linkabwerera lili psuu ndi inki yofiira.

Koma chaka chimenecho mutu unayamba kuwachita chipongwe. Makiyi a kabati ankapezeka m'katoni ya choko. Tsiku lina analowa m'kalasi ya eni ake n'kuphunzitsa mpaka belu kulira. Ahedi anawaitanira mu ofesi n'kuwauza mwaulemu, koma mosapsatira, kuti zikachitikanso basi akapume kunyumba. Kupuma! Munthu woti mkazi anatsogola, ana ali kutali, akapume ndi ndani? Ntchitoyo ndiyo inali m'bale wawo, ndipo ankaopa kuitaya.

Lolemba m'mawa analowa m'kalasi mwamphamvu n'kujambula bokosi loyamba pa bolodi.

"Lero tiyamba chinthu chatsopano. Umu timaikamo..."

"Munthu wako!" kalasi yonse inayankha.

Choko chinaima m'malere. Anakhosomola, n'kujambula lachiwiri.

"Chimene akufuna!"

Aa, zatheka bwanji? Ngakhale aja a pa benchi yakumbuyo, oti chiyambire teremu sanakwezepo mkono, ankayimba nawo pakamwa pali yasa. A Mabokosi anaganizira mphunzitsi watsopano wa kalasi yoyandikana, wokonda kudzionetsera uja. Ndiye kuti wawabera phunziro? Kapena anawa asuzumira m'buku lawo lokonzekera? Mtima unayamba kuwawa.

"Wakuuzani ndani zimenezi?"

Ena anayang'ana madesiki, ena kudenga.

"Ndati wakuuzani ndani? Monita, bwera nalo kope lako kuno."

Monitayo anali mtsikana wamtali, wosatha kunama. Anabwera akukoka miyendo, kope atalikumbatira pachifuwa, moti a Mabokosi anachita kumulanda.

Pa tsamba loyamba panali mabokosi anayi ojambulidwa ndi rula: telala akufuna kumaliza diresi la ukwati, makina amuthyokera singano. M'munsi mwake, ndi inki yofiira: "Wakhoza. Sabata yamawa tilemba nkhaniyi." Siginecha inali yawo. Anatembenuza tsamba. Mabokosi ena anayi, za dalaivala wosochera ndi maliro a eni, mawu ofiira omwewo, deti lina. Anatembenuzanso, n'kupeza ena anayi.

Anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuvalanso. Palibe chinasintha. Dzanja linali lawo ndithu, koma masiku atatu onsewo m'mutu mwawo munalibe ngakhale kachidutswa.

"Nanga nkhani zake zili kuti?"

"Sitinalembe, aphunzitsi. Lolemba lililonse mumati tiyamba chatsopano."

"Kangati?"

"Lero n'kachinayi."

"Ndiye ana makumi asanu, milomo yonseyi, osanena?"

"Tinapangana kuti tizingokonza pulani ina, ahedi asamve." Mtsikanayo anacheukira anzake. "Kungoti lero taiwala kunamizira kusadziwa."

Wina kumbuyo anafuna kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. A Mabokosi anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. Anachita manyazi, anachita mantha, ndipo sankadziwa ngati anawa awakalipire kapena awathokoze. Mwezi wathunthu ana a eni akujambula mabokosi ngati akalipentala, nkhani osalemba ngakhale mzere umodzi, pofuna kubisa mkulu amene ankawafiiritsira makope!

"Aliyense asankhe pulani imodzi mwa zitatuzo," anatero mawu atatsika. "Lembani. Tsamba limodzi ndi theka."

Zolembera zinayamba kuthamanga. Iwo anayendayenda pakati pa madesiki monga mwa masiku onse, uku akuuza wina kuti munthu wake alankhuleko, uku akufunsa wina kuti galu watulukira kuti poti m'bokosi mulibe. Zimenezo ankazidziwa bwinobwino, palibe chinawasokonekera, ndipo mtima unakhalako m'malo.

Belu litalira anamukodola monita uja, anzake akutuluka.

"Mwana wanga, Lolemba likubwerali, ndikangogwira choko kuti ndijambule bokosi, uimirire undiuze. Usaope, sindikukalipira. Wamva?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi, akupotokola chivindikiro cha cholembera.

"Munandipemphanso zomwezo sabata yatha, aphunzitsi. Koma mmene munalowera lero mukumwetulira, ine pakamwa panandilemera."